Chizungulire Poweramuka pa Sijida

Abale ndi alongo, tikamva chizungulire poweramuka pa sijida timangoti ndi ukalamba kapena swaumu. Komatu chizungulire chimagwetsera mayi pamoto, msodzi m'nyanja.

Kuchipatala amayeza kuthamanga kwa magazi tili chigonere, kenaka titaimirira. Amayezanso shuga, malungo ndi kuchepa kwa magazi, komwe likodzo limatha kubweretsa kunyanja kuno.

Nthawi zina timiyala tam'kati mwa khutu timasochera. Dokotala amatipotoza mutu, natigoneka chagada mwamsanga, naona ngati maso akugwedera. Njirayi anaifotokoza madokotala Dix ndi Hallpike ku London mu 1952. Timiyalato amatibweza potembenuza mutu, popanda opaleshoni.

Chizungulire chikadza pamodzi ndi kupotoka kamwa kapena kulemera lilime, tithamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Thupi ndi amana yochokera kwa Allah, tilisamale.