Mwana wasukulu adafupikitsa ulendo wa odwala mtima

Munthu wodwala mtima akakhala kumudzi, mavuto ake amakhala awiri: mtimawo ndi mtunda. Izi n'zomwe Arthur Zang, mnyamata wa ku Cameroon, adazindikira m'chaka cha 2009 akadali pasukulu ya zaumisiri ya Polytechnique mumzinda wa Yaoundé.

Zang sadali dotolo ayi. Iye amaphunzira za makompyuta. Koma atakumana ndi Pulofesa Samuel Kingue, kadaulo wa matenda a mtima pachipatala chachikulu cha mumzindawo, adamva nkhani yomwe idamusowetsa tulo. Panthawiyo, dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni lidali ndi madotolo a mtima osakwana 50, ndipo pafupifupi onse adali m'mizinda ya Yaoundé ndi Douala.

Choncho wodwala wa kutali amayenera kupeza ndalama ya basi, ya chakudya ndi ya pogona, pena kwa anthu awiri poti wodwala sayenda yekha, kuti akangopimidwa kwa mphindi zochepa chabe. Ndipo mtima saupima kamodzi. Yemwe adachitidwa opaleshoni kapena ali pamankhwala amafunika kumuona pafupipafupi, chifukwa kagundidwe kake kamatha kusokonekera mwiniwake osadziwa.

Zang adaganiza zoti m'malo monyamula munthu, bwanji osangonyamula uthenga wa mtima wakewo?

Mtima ukamagunda umatulutsa timphamvu ta magetsi tochepa kwambiri. Timphamvuti ndi tomwe madotolo amajambula pa kupima kotchedwa ECG, ndipo m'mizere yokwera ndi kutsika yomwe imatuluka amaonamo ngati mtima ukuthamanga, ukuchedwa kapena ukudumphadumpha.

Chipangizo cha Zang, chomwe adachitcha Cardiopad, ndi tabuleti yogwira ntchito yomweyo. Namwino wa pachipatala chaching'ono amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo mwa wodwala. Tabuletiyo imajambula mizere ija n'kuitumiza kwa kadaulo kudzera pa netiweki ya foni zam'manja. Kadauloyo amawerenga ali mutauni momwemo, n'kubweza yankho pasanathe ola. Ili ndi batire lake, choncho magetsi akathima ntchito siima.

Kuti afike pamenepo sikudali kophweka. Mnyamatayu samadziwa bwino kalumikizidwe ka zipangizo zamagetsi, moti adachita kudziphunzitsa yekha potsatira maphunziro aulere a pa intaneti ochokera kusukulu zaukachenjede za ku India. Ndalama nazo zidali zosowa, mpaka boma la Cameroon lidalowererapo n'kumuthandiza. Kenako adatsegula kampani yake, Himore Medical.

Mbiri yake idawanda. Mu 2014 adalandira mphoto ya Rolex, ndipo mu 2016 bungwe la Royal Academy of Engineering la ku Britain lidamuninkha mphoto ya Africa Prize pamodzi ndi mapaundi 25,000.

Komabe tisakokomeze. Cardiopad sichiza mtima, imangoulula chomwe chavuta. Pamalo popanda netiweki uthenga sungapite, ndipo kadaulo akakhala wotanganidwa yankho lidikira ndithu. Likabwera kuti pakufunika opaleshoni, ulendo wautali uja ulipobe, kaya wa kumizinda ija kapena ku Shisong, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, komwe chipatala cha Akatolika chidatsegula malo ochitira opaleshoni ya mtima mu 2009.

Kusiyana kwake n'kwakuti banja limagulitsa mbuzi likudziwa chomwe likukatsata kutauniko, ndipo wina amauzidwa kuti asavutike n'kukwera basi, mankhwala ake alipo pachipatala chapafupi.