CHITOSI CHA MBALAME CHITHA KUOCHA SOLA YANU

Masiku ano nyumba zambiri za kumidzi, masukulu ndi zipatala zazing'ono ziri ndi sola pa denga. Koma eni ake ena amadandaula kuti batire silidzaza monga kale, nayamba kunena wogulitsa. Kawiri-kawiri chobvuta chiri pa denga pomwepo.

Tayang'anitsitsani sola yanu. Mudzaona timagawo tabuluu kapena takuda timene amisiri amati maselo. Sola zambiri zodzazira batire la mavoti 12 ziri ndi maselo 36. Maselowa alumikizidwa mondondozana, monga anthu opatsirana njerwa pa mzere: mmodzi akaima, nchito ya onse ichedwa. Tsono chitosi cha mbalame kapena tsamba la mango likaphimba selo limodzi, selolo lileka kupanga magetsi, ndipo mphamvu ya anzake ipanikizika pa ilo nilitentha koposa. Mtambo suchita zotere chifukwa uphimba maselo onse pamodzi. Ikapita miyezi chitosicho chiri pomwepo, pamalopo pamapserera, pulasitiki ya kumbuyo imatukusira, ndipo nthawi zina galasi limasweka. M'kabokosi ka kumbuyo muli tizipangizo totchedwa diode tolambalalitsa magetsi pamalo ophimbika, koma nato timafa, ndipo sitichotsa chitosi.

Kuti mudziwe, dzuwa liri pamutu khudzani kumbuyo kwa sola mosamala. Yonse idzakhala yofunda, koma mukapeza pamodzi potentha kopambana ponse, pamenepo ndipo pali nthenda.

Chinanso ndi ming'alu. Selo ndi lopyapyala ngati mapepala awiri, ndipo likhoza kuthyoka mkati galasi liri bwino-bwino, maso osaona kanthu. Ming'alu yotere imadza poiponda sola, poimanga ndi mphira pa njinga m'mseu wa mabampu, poitsinja ndi njerwa kuopa mphepo, ngakhalenso ndi matalala. Aphunzitsi awachenjeze ana a malegeni.

Kukalamba kokha sikufooketsa sola msanga ai. Sola yabwino imataya ngati theka la gawo limodzi pa 100 chaka chiri chonse, ndipo opanga ambiri amalonjeza kuti patapita zaka 25 idzaperekabe magawo 80 pa 100. Chotero sola ya zaka ziwiri ikafooka kwambiri, musati yakalamba. Funani chifukwa chake.

M'miyezi ya pfumbi, September ndi October, ipukuteni sabata iri yonse ndi nsalu yofewa ndi madzi oyera, m'mamawa isanatenthe. Madzi ozizira pa galasi lotentha ndi oopsa. Dulani nthambi zoichititsa mthunzi. Musaigoneke pa malata peni-peni, siyani mpata wolowa dzanja kuti mphepo idzipita, pakuti sola ikatentha kwambiri magetsi ake achepa. Pamene papserera kale sipakonzeka. Itanani mmisiri aone ngati nkutheka kuigwiritsabe nchito.