Mphindi imodzi siyingadikire ambulansi

Mwana akabadwa osalira ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, chipatala chachikulu cha ku Tete palibe chimene chingamuchitire. Ulendo wa kumeneko ndi wa maola, ndipo dzinja likafika misewu ya ku Tsangano ndi Macanga imangokhala matope, pomwe khandalo lili ndi mphindi imodzi yoti mpweya ulowe m'mapapo mwake. Choncho ngati pali ndalama zopulumutsira ana obadwa kumene m'maboma awiriwa, zoyamba zipite ku chida chotchipa chokhala pambali pa bedi lochilira: ambu bagi, kathumba kofinya ndi dzanja kokhala ndi kamasiki kovindikira mphuno ndi pakamwa.

Namwino amayamba ndi kupukuta mwana ndi nsalu youma, n'kumusisita kumsana. Ambiri amalira pomwepo. Akapanda kulira, amamugoneka chagada, kuweramutsa chibwano pang'ono, n'kufinya kathumbako pafupifupi ka 40 pa mphindi, maso ali pachifuwa kuona ngati chikukwera. Magetsi safunika, silinda ya okosijeninso ayi, chifukwa bungwe la WHO limalangiza kuti mwana wobadwa miyezi itakwana ayambe ndi mpweya wamba womwe tonse timapumawu. Mwa ana khumi obadwa, pafupifupi mmodzi amafuna thandizo kuti ayambe kupuma, koma ofuna mankhwala kapena makina akuluakulu ndi ochepa kwambiri.

Umboni ulipo, ndipo si wa kutali. Maphunziro a njira imeneyi otchedwa Helping Babies Breathe, omwe bungwe la American Academy of Pediatrics linakhazikitsa mu 2010, atayesedwa m'zipatala 8 za ku Tanzania, kafukufuku wa mu 2013 anapeza kuti imfa za ana a tsiku limodzi zinatsika ndi 47 peresenti. Chogwira mtima n'chakuti ana olembedwa kuti abadwa akufa anachepanso ndi 24 peresenti. Apa zikuonetsa kuti ena mwa ana amene amayi akumudzi amakaika mwakachetechete ngati mtayo anali amoyo, mtima ukugunda, kungoti panalibe wowapumitsa.

Ena anganene kuti tikukhutitsidwa ndi zochepa, poti ku Blantyre kuli makina a Pumani, amene chipatala cha Queen Elizabeth chinathandiza kupanga pamodzi ndi Rice University. Makinawa ndi abwino, makamaka kwa ana obadwa masiku asanakwane, koma amathandiza mwana amene akupuma kale movutikira, ndiponso amadalira magetsi. Amene sanapumepo n'komwe sangafike pa makinawo.

Vuto lenileni ndi lina. Ambu bagi ikhoza kufika, chithunzi cha mwambo wopereka n'kujambulidwa, kenaka n'kukhala m'kabati yokiya, kiyi ali ndi munthu amene wapita kunyumba. Luso nalonso limathawa m'manja pakangopita miyezi, makamaka pachipatala chaching'ono pomwe namwino sakumana ndi mwana wotere kawirikawiri. Mankhwala ake ndi kuyeserera pa chidole kwa mphindi zochepa sabata ndi sabata, kutsuka chidacho chikagwira ntchito, ndi kuchiyesa mayi asanachire. Ndipo kwa amayi a m'midzi ya kumapiri, kumene azamba alibe ambu bagi, nyumba zodikirira za pachipatala, zomwe pa Chipwitikizi amati casa de espera, zikhale ndi denga losadontha ndi nkhuni zophikira, kuti mayi asazengereze kupitako mwezi wake ukayandikira.