Zilonda za Pakati pa Zala za Kumapazi Zimapola Ngati Mapazi Aumitsidwa

Mvula ikayamba mu Novembala, njira za m'makomboni a mu Chipata monga Nabvutika zimadzaza matope, ndipo anthu ambiri amatha tsiku lonse mapazi ali onyowa. Iyi ndiyo nyengo imene matenda a pakati pa zala za kumapazi amabvutitsa kwambiri. Khungu limayera ngati laviikidwa m'madzi, limayabwa, limasupuka, kenaka ling'ambika ndi kuyamba kununkha. Kawirikawiri bvutoli liyambira pakati pa kacala kothera ndi cala cinzace, pamene mphepo sipita.

Ena amati munthu wotere waponda mankhwala oipa panjira. Zoona zace n'zakuti matendawa amabwera ndi tizirombo tosaoneka ndi maso tochedwa fangasi, ta mtundu umodzi ndi timene timayambitsa zipere. Tizirombo timeneti timakonda malo ofunda ndi acinyontho. N'cifukwa cace amene amabvala majombo kapena nsapato za pulasitiki tsiku lonse, alonda, ana a sukulu, ndi amai amene amakhalitsa m'madzi pocapa, ndiwo amagwidwa msanga.

Matendawa ndi opatsirana. Pa nyumba pamene mabanja angapo asamba m'bafa imodzi, tizikhungu tosupuka timatsala pansi ndipo wina amatiponda. Kubwerekana sokosi, nsapato ndi thaulo kumafalitsanso matendawa.

Mankhwala ace alipo ndipo si obvuta kupeza. Pa kiliniki kapena m'sitolo ya mankhwala muli mafuta odzola monga clotrimazole, miconazole ndi Whitfield. Wodwala ayenera kusambitsa mapazi ndi sopo, kupukuta pakati pa zala mpaka paume, ndi kudzola kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Kuyabwa kukangotha amaleka mankhwala, osadziwa kuti tizirombo tikali m'khungu, ndipo posapita nthawi zilonda zibwereranso. Mpofunika kupitiriza kudzola kwa sabata imodzi kapena awiri khungu litapola.

Mafuta oyeretsa khungu amene agulitsidwa pamsika, ndi ena okhala ndi betamethasone, sayenera kupakidwa pa zilondazi. Amaziziritsa kuyabwa kwa masiku ocepa koma amapatsa tizirombo mpata wofalikira. Kuthira palafini, madzi a m'batire kapena oilo wa galimoto kumangoocha khungu ndi kukulitsa cilonda.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira. Ngati phazi latupa, lafiira, likutentha, likuturuka mafinya, kapena munthu wayamba kumva kutentha thupi, ndiye kuti tizirombo tina talowera pa ming'alu ija. Wotere apite ku kiliniki ya Kapata kapena ina yapafupi tsiku lomwelo, ndipo zikakula adzatumizidwa ku Chipata Central Hospital. Odwala matenda a shuga afunika kusamala koposa, cifukwa mapazi ao nthawi zina samva kuwawa ndipo kacilonda kakang'ono kangathe kufika podulitsa phazi. Zilonda zimene zibwerabwera ngakhale munthu atatsiriza mankhwala ndi cifukwa cabwino copimitsira shuga ndi HIV.

Makolo ayang'anenso bwino mapazi a ana. Kacotupa koyera kokhala ndi kadontho kakuda pakati, makamaka m'mbali mwa cikhadabo, kangakhale thekenya, ndipo mafuta a fangasi sangathandize. Liyenera kucotsedwa mwaukhondo ku kiliniki.

Kupewa sikulira ndalama zambiri. Munthu apukute pakati pa zala nthawi zonse akasamba, alowe m'bafa atabvala patapata, asinthe sokosi tsiku liri lonse, ndipo ayanike nsapato padzuwa. Pobwera ku nchito, majombo abvulidwe kuti mapazi apitidwe mphepo. Ngati m'nyumba muli anthu awiri kapena atatu odwala, onse adzole mankhwala pa nthawi imodzi kuti asabwezerane matendawa.