Chinsinsi cha pa Lamya: Walira Mvula Walira Matope

Lamya ya m'manja imene kalaliki wa boma kapena mphunzitsi amayenda nayo m'thumba sikhala chete ngakhale mwini wake ali m'tulo. M'chaka cha 2021 Profesa Douglas Leith wa ku Trinity College, mumzinda wa Dublin, anapeza kuti lamya za Android ndi za iPhone zinkatumiza uthenga kwa Google kapena Apple pafupifupi mphindi zinayi ndi theka zilizonse, popanda wozikhudza. M'uthengawo munali nambala zozindikiritsa lamyayo. Ndipo mu 2022 kampani ya Google inavomera kulipira madola 391.5 miliyoni ku zigawo 40 za dziko la America, pa mlandu wolemba malo amene anthu ankapita, pamene iwo ankayesa kuti aletsa zimenezo.

Chifukwa cha ichi ena amachotsa pulogalamu yaikulu yobwera ndi lamya, naikamo ina yosunga chinsinsi. Yodziwika kwambiri ndi GrapheneOS, imene inalandira dzinali mu 2019. M'menemo mwini lamya angathe kumana pulogalamu iliyonse njira ya ku intaneti, ndipo mapulogalamu a Google, ngati awafuna, amalowa monga alendo wamba opanda ulamuliro pa nyumba.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kufikira 2025 GrapheneOS inkalowa m'lamya za Pixel zokha, zimene mtengo wake ndi wokwera, ndipo wozipanga ndi Google yemweyo amene munthu akumuthawa. Mapulogalamu ena a mabanki amakana kugwira ntchito akaona kuti lamya yasinthidwa. Kwa munthu wolandira malipiro kudzera ku banki, limeneli si vuto laling'ono.

Komanso si lamya iliyonse yotchedwa "yachinsinsi" imene ili yotero. Mu June 2021 kunaululika kuti lamya za ANOM, zimene magulu a zigawenga ankazikhulupirira, zinkayendetsedwa ndi FBI, ndipo anthu oposa 800 anagwidwa.

Tsono funso loyamba likhale la katundu amene ali m'lamyamo. Wosunga makalata a boma kapena zotsatira za mayeso a ana ali ndi chifukwa chopirira zovutazo. Amene sangathe, ayambe ndi kuona mapulogalamu amene anawalola kudziwa kumene ali, kumva mawu ake ndi kuwerenga mayina a abale ake, ndipo achotse osafunikira.