Mboni zokhala pansi pa miyala ya mumtsinje

Fakitale ikataya zonyansa mumtsinje usiku, pofika m'mawa zimakhala zitapita ndi madzi. Katswiri wobwera ndi botolo masana amatunga madzi ena, ndipo zotsatira za ku labotale zikhoza kusonyeza kuti zonse zili bwino. Koma tizilombo tokhala pansi pa miyala tinalipo usiku umenewo. Tambiri timakhala m'madzi miyezi ingapo tisanamere mapiko, ndipo sitithawira kutali. Poizoni akadutsa, tosapirira timafa, n'kutsala tolimba tokhatokha.

Ku South Africa akhala akugwiritsa ntchito nzeru imeneyi kwa zaka zambiri. Njira yawo, yotchedwa SASS, anaiyambitsa ndi Mark Chutter m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2002 Chris Dickens ndi Mark Graham anaikonzanso n'kukhala SASS5. Woyeza amalowa m'madzi, n'kutchera kaukonde kumunsi kwa mapazi ake, kenako amavundula miyala ndi mchenga kuti tizilombo tikokolokere m'kaukondemo. Amakolanso m'maudzu a m'mphepete. Zonse amazikhuthulira m'mbale yoyera n'kuyamba kuona mitundu yomwe yapezeka.

Mtundu uliwonse uli ndi malikisi ake, kuyambira 1 mpaka 15. Ana a stonefly, a michira iwiri, amafuna madzi ozizira, othamanga, okhala ndi mpweya wambiri wa okosijeni, choncho malikisi awo ndi okwera. Chimodzimodzi ana ena a mayfly, aphwatalala, a michira itatu, omwe amamatirira pamwala. Palinso caddisfly, kamphutsi kamene kamadzimangira kanyumba ka timchenga kapena titimitengo n'kumayenda nako. Amene wakaona koyamba sachedwa kuitana anzake. Koma nyongolotsi, misundu ndi mphutsi za udzudzu zimapata malikisi ochepa. Timphutsi tofiira ta m'matope tili ndi hemoglobini ngati ya m'magazi athu, n'chifukwa chake timachulukana m'madzi a suweji momwe mpweya watha. Mbale ikadzaza timeneti tokhatokha, mtsinjewo wadwala.

Zambia ili ndi njira yake yotchedwa ZISS, Tanzania ili ndi TARISS. Chokoma koposa ndi miniSASS, yomwe anaifewetsa kukhala magulu 13 okha, kuphatikizapo nkhanu, nkhono ndi ana a tombolombo, kuti mwana wa sukulu naye athe kuyeza. Kaukonde akhoza kusoka ndi waya ndi chidutswa cha neti yakale.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo tisawaiwale. Tizilomboti timasonyeza moyo wa mtsinje, sitinena kuti madziwo ndi abwino kumwa. Majeremusi a kolera, matenda omwe anapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi mu 2022 ndi 2023, saoneka m'mbale. Nkhono zina zimafalitsa likodzo, motero ana azilowa m'madzi atavala majombo ndi magolovesi.

Aliyense wodutsa pa mtsinje wa Mudi mumzinda wa Blantyre amalidziwa fungo lake, koma fungo silisiya umboni papepala. Malikisi olembedwa chilimwe ndi dzinja, kumtunda ndi kumunsi kwa mafakitale, angathe kuloza pomwe vuto layambira, ndipo angaperekedwe ku khonsolo ya mzinda kapena ku National Water Resources Authority. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu zoyandikana ndi mitsinje ya Mudi, Naperi, Lingadzi ndi Lunyangwa, tengani ophunzira anu mukatembenuze miyala, ndipo zomwe mwapezazo muzilembe.