Mutu 4: Mwala wa laimu ndi ludzu la simenti

Mukangotchula za migodi ku Mangochi, maganizo a anthu amathamangira ku golide ndi miyala yonyezimira ya m'nkhalango ya Namizimu. Komatu mwala umene umatigwirira ntchito tsiku ndi tsiku ndi wotuwa, wosakopa maso: mwala wa laimu. Ku Njereza, kampani ya Cement Products Limited imapangira simenti mwala umenewu. Tiona magawo atatu: kukumba, kuwotcha ndi kumanga.

Akaukumba amauphwanya, n'kuusakaniza ndi dongo, kenako n'kuuwotcha m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,450. Mumatuluka timibulu totchedwa kilinka. Timibuluti amatipera pamodzi ndi gypsum pang'ono, kuti simenti isagwire mmisiri asanamalize kuyala.

Tsopano pali chinthu chimene chimandiwawa mtima. Ambiri amati simenti imalimba chifukwa chouma. Ayi ndithu! Imalimba chifukwa chomwa madzi. Madzi akalowa m'fumbi la simentilo, mumamera tizingwe tosaoneka ndi maso timene timakola mchenga ndi miyala pamodzi. Madzi akatha msanga, kumerako kumaima, monga mbande yauma pa nazale. Nanga ndi dzuwa la mu Okutobala kuno kunyanja, pansi pa nyumba pothiridwa konkire m'mawa pamakhala patauma masana asanakwane. Mwini nyumba amasangalala kuti zatheka, koma pakapita miyezi, pansipo pamayamba kusweka ndi kufumbuka. Amadandaula kuti anagula simenti yachinyengo, chikhalirecho anaimana madzi yekha. Muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, n'kufunditsa masaka onyowa. Akatswiri amayeza mphamvu ya konkire pa tsiku la 28.

Musasokoneze: madzi ochuluka amafunika pambuyo, osati pokandya. Matope olowerera madzi amayalika mosavuta, koma amasiya timabowo m'kati. Mchenga wosalala kwambiri kapena wosakanikirana ndi dothi nawonso umafooketsa khoma. Matumba a simenti musawagoneke pansi penipeni, chifukwa chinyontho chimawasandutsa miyala musanawatsegule.

Laimu amayeretsanso madzi a nzimbe m'mafakitale a shuga, amachiza nthaka yowawasa, ndipo amalimbitsa zikamba za mazira akamuika m'chakudya cha nkhuku. 

Pogula matumba, werengeranitu migolo ya madzi ndi munthu wothirira sabata yonse, pakuti zimenezo n'zimene zidzasunge ndalama zanu m'khomamo.